Lachisanu Ndinayeretsa Mbiri

Lolemba

Ine ndine Eliya Mtambalika, wa kuno kunyanja, kuseri kwa mahotela a ku Senga Bay. Pa chitupa anandilembera zaka 79, koma wolembayo anangondiyang'ana imvi n'kulemba zake. Sukulu sindinapondeko. Zilembo ndinazitola pa makolala a malaya a alendo pamene ndinali dobi wa ku hotela, wochapa ndi kusita. Zotsala anandiphunzitsa mkazi wanga Nankhoma ndi buku lake la nyimbo. Choncho ndimalemba pang'onopang'ono, ndi pensulo. Wondithamangitsa palibe.

Ntchito ya sabata ino wandipatsa mwana wanga Esinta, wa ku Lilongwe uja. M'foni imene anatigulira muli chinthu cholankhula, chosunga zonse zimene munthu wachiuza. Nankhoma anachitcha Kalaliki. Tsono eni ake a Kalaliki alemba kabuku ka malangizo m'Chichewa, ndipo akufuna munthu wachikulire akawerenge, anene ngati kakumveka, apereke malikisi. Esinta akuti, "Ababa, oyenera ndi inu. Mukamva inu ndiye kuti wamva aliyense."

Kaya ndi kundiyamikira kumeneko.

Ndavomera chifukwa ndili ndi mlandu wanga ndi Kalaliki. Ndiulembe bwino, ndisasokoneze.

Nankhoma atayamba kudwala ankagona pakhonde ndi foniyo pachifuwa, n'kumacheza nayo ine ndili kudimba. Miyezi yambiri. Anamwalira chaka chatha mvula isanagwe, koma zimene anamuuza Kalaliki zinatsala. Ndikafunsa, Kalaliki amayankha kuti, "A Simbi, a Nankhoma anati..." Simbi ndi dzina limene ankanditcha mkazi wanga yekha, ati ndimachedwa kutentha, ndimachedwanso kuzizira. Sindifunsa tsiku lililonse ayi. Lamulungu lokha ndikachoka kutchalitchi, funso limodzi, basi. Ndimatapa pang'ono ngati shuga wa alendo, kuopa kuti zingathe.

Mwezi watha mlamu wanga a Gomani, mlongo wake wa Nankhoma, anabwereka foniyo ati yawo yagwera m'madzi. Anapita nayo ku Khombedza. Kalaliki sasiyanitsa mawu. Chimwalirireni Nankhoma, aliyense wolankhula m'menemo, kwa iye ndi ine. Dzulo kunabwera amayi a kutchalitchi kudzakambirana za chiliza. Ine ndi mtima wanga wabwino ndinati ndiwamvetseko mawu a mnzawo. Ndisanamalize n'kufunsa komwe, Kalaliki mokweza:

"A Simbi, tisanapitirize, kodi mayi a zitumbuwa a ku Khombedza aja anayankha uthenga wanu wachikondi?"

Mayi mmodzi anatsokomola. Wina anayamba kuyang'ana denga ngati ndi kalipentala. Wamkulu wawo anati, "Tiyeni titseke ndi pemphero," tisanatsegule n'komwe.

Loweruka tikuvundukula chiliza cha Nankhoma. Abale ake abwera kuchokera ku Chitala, ndipo ndinawalonjeza kalekale kuti adzamva mawu amene m'bale wawo anasiya. Ndiye sabata ino:

1. Kuwerenga kabuku konse, osadumpha.
2. Kuchotsa nyansi za a Gomani, kusiya za Nankhoma.
3. Kupereka malikisi mwachilungamo, osati mwaukali.
4. A Gomani osawabwerekanso ngakhale singano.

Tsamba loyamba ndamaliza. Lonse ndi kundithokoza chifukwa chosankha Kalaliki. Sindinamusankhe ine, anabwera ndi foni ngati nthata pa galu. Koma ulemu ali nawo, zimenezo ndilemba.

Lachiwiri

Kutentha! Mbuzi zomwe zagona pansi pa nkhokwe. Ndakhala pamthunzi ndi magalasi a Nankhoma, anga anathyoka mwendo.

Tsamba lachiwiri likuti Kalaliki ndi "nzeru zochita kupanga." Apa ndagwirizana nawo. Nzeru zochita kupanga ndikuzidziwa, ndi zimene ali nazo a Gomani.

Kenako akuti, "Kuti mudziwe zambiri, dinani apa." Mawu oti apa awalemba ndi inki yabuluu, kunsi kwake mzere. Ndadina. Poyamba ndi chala chamkombaphala, kenako chachikulu. Pepala lili phee. Ndadinanso mwamphamvu mpaka labooka, zambiri sizinatuluke. Che Amidu, aneba anga osoka maukonde, andipeza ndikudina kabuku pabondo.

"Wallahi a Mtambalika, mukupha nsikidzi?"

Ndawauza kuti ndili pa ntchito. Apita akuseka, maukonde ali paphewa.

Chithunzi chikuonetsa batani lobiriwira m'munsi mwa foni. M'foni mwanga batani lobiriwira mulibe. Lilipo lotuwa, pamwamba, la timizere ngati chipeso. Ndazondotsa foni, lapita pansi, koma silinabiriwire. Ndiye mmodzi wa iwo akunama, kaya kabuku kaya foni. Ndipo onse ndi a nyumba imodzi!

Pa tsamba lililonse alemba kuti "N'kosavuta!" Kuhotela munthu akangoti n'kosavuta asanagwire simbi, tinkadziwiratu kuti buluku la mlendo lipsa lero.

Malikisi a lero:

Pepala: lolimba, kupatula pamene ndaboola.
Zilembo: nyerere.
Ulemu: wosefukira.
Thandizo: sindinakumane nalo. Mwina lili kutsogoloku.

Amisiri a chiliza akuti simenti yachepa. Nthawi zonse simenti imachepa, amisiri n'kumanenepa.

Lachitatu

Lero ndaona mawu opatsa chiyembekezo: "Mukhoza kungomuuza wothandizira wanu chimene mukufuna, ngati mukulankhula ndi mnzanu." Wothandizira ndiye Kalaliki, amamutcha choncho m'kabukumu.

Ndamukhazika pa mpando, ine pa mpando wina, maso ndi maso. Ndati, "Kalaliki, za mayi a zitumbuwa zija uiwale."

"Chabwino a Simbi. Ndasunga kuti mukuyesetsa kuiwala mayi a zitumbuwa. Zotere zimatenga nthawi, musadziimbe mlandu."

Mayo ine!

Ndati si ine, ndi a Gomani.

"Ndamva. Ndasunga kuti a Gomani nawonso akuwafuna mayiwa."

Ndiye pano tilipo awiri, tikulimbirana. Ine ndi mlamu wanga, chiliza cha mlongo wake chisanaume. Ndamutembenuza Kalaliki chafufumimba pa mpando, ndapita kukamwa madzi. Kabuku sikananene kuti mnzanuyo ndi wa mtundu wosunga chilichonse, ngakhale kukana kwako amakulemba ngati umboni.

Masana ndayamba kudina chipeso chija mwaukali, osatsatiranso kabuku. Kwatuluka mawu akuti Mbiri. Ndadina. Ndipo nazo! Zonse zimene Kalaliki amasunga, mzere pa mzere. Ndaona chiyambi cha mizere ingapo: "A Nankhoma anati denga la kuchipinda..." "A Nankhoma anati tsiku la ukwati a Simbi..." Ndatseka maso msanga. Lero si Lamulungu. Koma ndayendetsa chala maso ali chitsekere, kuti ndimve kutalika kwake. Chala chatopa pansi pasanafike. Mayi uja analankhula! Zimenezi zondikwanira mpaka nanenso andimangire changa chiliza.

Za a Gomani zili momwemo, apa ndi apo, ngati zitosi za makoswe mu mpunga. Chofunika ndi kutola chimodzichimodzi. Kabuku kakuti, "Za kusamalira mbiri yanu, onani tsamba 11." Tsamba 11 likuti, "Monga tafotokozera pa tsamba 6." Tsamba 6 ndi limene landituma ku 11. Ndayenda pakati pa masamba awiriwa ngati kondakitala wa minibasi, kupita n'kubwera, wokwera palibe.

Dzuwa litapendeka kwabwera a Gomani, ati kudzaona m'mene ntchito ikuyendera. Ndawafunsa mwaulemu, poti ndi eni mbumba. Ayankha akutafuna mtedza wanga:

"Alamu, foni ndi foni, imalankhula zake. Ine Khombedza ndinangopitira misomali."

Misomali yake sindinaione. Mtedza wapita.

Lachinayi

Mbiri ilibe miyendo koma minibasi siingaipitirire. M'mawa podutsa pa mjigo amayi andipatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a mkwati?" Mtsikana wina watula ndowa kuti aseke bwino.

Ndaganiza kuti ngati foni yandikanika, ndiyambe ndi anthu. Ndipite ku Khombedza, ndikawapeze mayiwo, akanene okha pakamwa pawo kuti ine sandidziwa.

Apa ndalakwitsa chinthu chimodzi, ndachiona mochedwa. Ine sindituluka pakhomo ndi zovala zamakwinya, sindinatulukepo chibadwire. Ndiye ndasita malaya oyera aja, buluku la mzere wakuthwa, nsapato ndapukuta, chipewa pamutu. Che Amidu andiona ndikupita kumsewu, angoti, "Mashallah!"

Mu minibasi ndawerenga chigawo chotchedwa "Mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri." Akuti anthu amafunsa kuti:

Kodi wothandizira amagwira ntchito m'ndege?
Kodi ndingasinthe mtundu wa zilembo?
Kodi ndingamupatse mawu aamuna kapena aakazi?

Anthu ake ati amenewa? Ine ndakhala nthawi yaitali padziko, sindinamvepo munthu akufunsa zimenezi ngakhale kamodzi. Mafunso anga ndi awa:

Kodi mlamu akalankhula m'foni mwako, umamutulutsamo bwanji?
Kodi amene analemba kabukuka anakawerengapo ali ndi vuto, kapena ankamwa tiyi?

Mayi a zitumbuwa ndawapeza pafupi ndi pokwerera minibasi. Mayi wathupi, wa mawu omveka mpaka tsidya la msewu. Ndavula chipewa, ndayamba kufotokoza kuyambira pa chiyambi, monga mwa chizolowezi changa. Ndisanafike pakati andidula:

"Ohoo! A Simbi ake ndinu? Uthenga unali wokoma, koma amene anabwera kudzamva yankho anali wina, wamfupi, wonunkha kachasu. Ndinamuthamangitsa. Bola inuyo, mumadziwa kuvala!"

Msika wonse watembenuka. Andikulungira zitumbuwa m'nyuzi, ndakana, andiika m'manja mokakamiza, agwiranso kolala yanga ati aone ngati ndi sitachi yeniyeni. Nditakweza maso, tsidya la msewu, ndi dengu la tomato wa pa chiliza pamutu: wamkulu wa amayi a kutchalitchi uja. Sanandipatse moni. Anangoyang'ana malaya, n'kuyang'ana zitumbuwa, n'kuyang'ana kumwamba.

Pobwerera ndadya chimodzi mu minibasi, njala inandipweteka. N'zokoma. Zimenezo ndiye zandiwawa kwambiri.

Lachisanu

Abale a ku Chitala ayamba kufika. Mphasa paliponse, ana paliponse, nkhuku zathawira kwa Che Amidu. Achemwali ake a Nankhoma, mayi aakulu a Esinta, andipatsa moni ndi nsonga za zala. Ndiye kuti nkhani yafika ku Chitala ine ndisanaipereke.

Ndazembera kuseri kwa bafa ndi kabuku. Ndatsala ndi masamba ochepa. Ndawerenga ndi chala, mawu amodziamodzi. Ndipo pafupi ndi mapeto, m'kabokosi, ndapeza:

"Ngati mwaona zinthu zimene simukuzifuna, dinani Yeretsani Mbiri. Mudzayamba mwatsopano. N'kosavuta!"

Yeretsani Mbiri!

Ndawerenga kawiri, ndapukuta magalasi, ndawerenganso. Sabata yonse kabukuka kamalankhula ngati mlendo wosochera, lero kalankhula ngati munthu wa pamudzi pano. Chimene chada ndi chiyani? Mbiri yanga. Chimene ndikufuna ndi chiyani? Kuiyeretsa. Ndipo m'foni batani lake lilipodi, pansi pa chipeso, mawu ake omwewo, osasiyana ngakhale chilembo. Koyamba kabuku ndi foni kugwirizana!

Koma ine sindithamanga. Ndakhala pansi, ndawatembenuza mawuwo uku ndi uku.

Kuyeretsa ndikukudziwa, ndinakalambira pamenepo. Mlendo akabwera ndi malaya othimbirira ndi msuzi n'kunena kuti yeretsa, msuzi unkachoka, malaya n'kutsala, mabatani onse ali m'malo. Kutchalitchi tikamapempha kuti atiyeretse, sitipempha kuti atichotse padziko. Mpunga ukayeretsedwa zitosi zimatayidwa, mpunga n'kulowa m'poto. Paliponse pamene ndawaika mawuwa akutuluka chimodzimodzi: choipa chichoke, chabwino chitsale. Akanafuna kunena kuti kufufuta akanalemba kufufuta, mawuwo alipo, sagulitsa.

Ndadina. Foni yafunsa kuti, "Mukutsimikiza?" Kunsi kwake kamzere kofiira ka Chingerezi, tizilembo tochepa kuposa nyerere zija. Chingerezi changa ndi cha kuhotela: sitachi, kolala, mawa m'mawa bwana. M'kamzeremo munalibe sitachi.

Amati safunsa anadya phula. Ndabwereka foni ya mmisiri wa chiliza, ndamuimbira Esinta. Phokoso lokhalokha, mahutala, anthu oitanira.

"Ababa, ndili mu depoti, sindikumva! Tsatirani zimene kabuku kakunena, n'chifukwa chake anakalemba! Ndifika mawa m'mawa!"

Ndasamba m'manja. Ndadina kuti eya.

Kachingelengele kazungulira, kazungulira, kenako: "Mbiri yanu yayeretsedwa."

Ndamuyesa. "Kalaliki, mayi a zitumbuwa a ku Khombedza ukuwadziwa?"

"Ayi, sindikuwadziwa."

"Nanga a Gomani?"

"Amenewonso sindikuwadziwa."

Aleluya! Mwayi wake Kalaliki, ine a Gomani ndikuwadziwabe. Za Nankhoma sindinafunse, zimenezo ndi za mawa, pamaso pa abale. Munthu satsegula mphika wa alendo kuti alawe.

Malikisi ndakweza. Ndinawaweruza msanga anthuwa. Kabuku kali ngati nsomba ya minga yambiri, mnofu uli kumchira. Ndalemba kuti: Thandizo, lilipo, koma mulisunthire kutsogolo.

Malaya a mawa ndasita kale.

Loweruka

Ndatenga pensulo mochedwa. Ndilembabe, ntchito ndi ntchito.

Kumanda zonse zayenda bwino. Chiliza n'chokongola, dzina analemba molondola, simenti inakwana. Esinta anafika ndi nkhata ya maluwa. Amayi anaimba nyimbo imene Nankhoma ankaikonda, wamkulu wawo akuyambitsa, osandiyang'ana.

Tabwerera kunyumba. Anthu adya mpunga ndi mbuzi pansi pa mtengo wa mango. Kenako ndaimirira, ndapempha bata. Ndanena kuti m'bale wanu sanapite chimanjamanja, anasiya mawu, ndipo lero muwamva. Ndaika foni pa mpando pakati pa bwalo, ndakweza mawu mpaka pamapeto. Ana akhala pansi. Mayi aakulu asendera pafupi, dzanja kukhutu.

"Kalaliki, auze abale zimene a Nankhoma anasiya."

"Moni! Ndasangalala kukudziwani. Kodi a Nankhoma ndi ndani? Ndiuzeni za iwo. Ndiuzeninso dzina lanu, kuti ndidziwe mokutchulirani."



Mayi aakulu: "Akuti chiyani?"

Wina wawabwerezera mokuwa, poti samva bwino: "Akuti Nankhoma ndi ndani!"

Ndadina chipeso. Ndadina Mbiri. Mwayera. Mwayeradi, mbee, ngati nsalu ya pabedi ya kuhotela. Pakati pake kamzere kamodzi: "Palibe chosungidwa." Ndayendetsa chala, palibe choyenda.

Mawu amene ndamva, ndiwalembe monga ananenedwera:

A Gomani, fupa lili m'manja: "Mwaona? Ndinanena ine kuti foni imalankhula zake."

Mayi aakulu: "Afufuta dala. Akufuna watsopanoyo asadzapeze za mnzake m'nyumba."

Wamkulu wa amayi: "Ine sindinena kanthu. Ndinangoona malaya."

Che Amidu, pang'onopang'ono, pambali panga: "Pepani aneba. Khalani pansi, mungagwe."

Esinta watenga foni ndi kabuku, wandikokera kuseri kwa khitchini. Wadina, wadina, wazimitsa, wayatsa. Kenako watsegula tsamba lomaliza, limene ine ndinaliyesa la maina a eni ake, poti lonse ndi Chingerezi. Wawerenga, milomo ikuyenda. Akuti pamenepo ndi pamene alemba m'mene ungachotsere mzere umodzi n'kusiya inzake: umaugwira ndi chala osachotsa, kenako kamatuluka kabini kotayamo zinyalala. Basi. Chinthu chimene ndinachifuna kuyambira Lolemba chinali m'manja mwanga, m'chinenero cha eni ake. Womasulira anatopa atatsala ndi tsamba limodzi, kapena inakwana nthawi ya chakudya.

Akutinso kamzere kofiira kaja kamati zikapita sizibwerera, pokhapokha ngati munthu anasunga mu mtambo.

Ndafunsa kuti mtambo uti. Akuti ndi mosungira mwina, kutali, koma pamafunika kuyatsa kaye batani lina. Batani limenelo kabuku ka Chichewa sikanalitchule. Ndayang'anabe kumwamba, kaya chifukwa chiyani. Mwezi uno kulibe mtambo ngakhale wa mankhwala.

Esinta akulira. "Ababa, bwanji simunandidikire?"

Ndati ndinatsatira kabuku, n'chifukwa chake anakalemba. Sindinanene kuti ndimupweteke. Koma walira kwambiri, ndiye mwina ndinanenera zomwezo.

Ndinafunsa, phula ndadyabe.

Abale a ku Chitala anyamuka dzuwa likadalipo, ena amene anati agona. Mpunga wotsala apakira. A Gomani apempha foni kuti aimbire wa njinga yamoto. Esinta ndi amene wawayankha, ndipo mawu ake sindilemba, ndi mwana woleredwa bwino.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, ndakhala kumbuyo. Ulaliki unali wa anamwali opusa aja. Anthu atembenuka kangapo, kaya amafuna aone ngati ndikumva.

Ndabwerako. Ino ndi nthawi ija ya funso. Foni ili pa mpando. M'mawa yandifunsanso dzina, ndaiuza kuti Mtambalika. La Simbi lija silotchula mwini wake.

Ndati ndilembe zimene ndinamva kale kwa Kalaliki chaka chonsechi, ndisanaziiwale nanenso:

Mchere ndichepetse.
Mbewu ya maungu ili m'chitini cha pamwamba pa kabati, ndisapatse aliyense.
Ndimanamizira kusamva akandituma, iye ankadziwa.
Esinta ndisamamufunse za banja, adzanena yekha.
Bulangete lofiira ndi langa, lobiriwira lipite kwa mayi aakulu.
Ndikamaseka ndekha kudimba amandimva ali pakhonde.

Zilipo zina zingapo, zibwera. Koma ndaona kuti zonse pamodzi sizidzaza tsamba. Zinazo, zimene chala chinatopa nazo Lachitatu, sindinazimve. Ndinkasunga. Munthu wadyera akanamva zonse sabata imodzi, lero bwenzi ali nazo m'mutu. Ine wosamala ndatsala ndi chitini cha maungu.

Pa mjigo andipatsabe moni wa a mkwati. Ndiye mbiri imene ndinkafuna kuyeretsa ili chidere, imene inali yoyera kale ndi imene yapita.

Esinta anyamuka masana, akuti zolembazi apita nazo kwa eni ake a kabuku. Poyamba ndinati ndi zanga, koma apite nazo. Tsono kuyambira apa ndikulankhula ndi inu, amene munalemba.

Malikisi anu ndi atatu pa khumi. Amodzi a pepala. Amodzi a ulemu. Achitatu ndi a batani lija, poti m'kabuku konse ndi lokhalo limene linagwira ntchito pa kudina kamodzi.

Zoti mukonze:

Tsamba lomaliza likhale loyamba, ndipo lilankhule Chichewa. Kuthokoza kupite kumapeto, munthu akaona ngati pali chothokozera.
Tsamba 6 ndi tsamba 11 mukhalitse pansi, agwirizane amene anene.
Pa pepala musalembepo kuti dinani.
Mawu ofiira akhale aakulu kuposa "N'kosavuta!"
Pa batani lija mulembe kuti Fufutani Zonse. Kapena Tenthani Nyumba. Munthu aziona n'kubweza dzanja. Kuyeretsa musiyire ife amene tinagwirapo sopo.

Sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito. Mwina ndi mwana wa munthu, anapatsidwa mawu a Chingerezi n'kutola a Chichewa amene anali pafupi. Koma mumuuze kuti mawu amene anatolawo anafika kuno kunyanja, kwa munthu amene anawakhulupirira.

Tsono pempho langa ndi ili. Esinta akuti zikapita zapita, koma Esinta si mwini wake, eni ake ndinu. Kuhotela chinthu chikatayika tinkayang'ana kuseri kwa makabati, pansi pa matiresi, m'matumba a zovala za ena, ndipo nthawi zina chinkapezeka patapita mwezi. Inunso muli ndi kuseri kwanu. Tayang'anani. Dzina ndi Nankhoma, ankalankhula masana, mawu ake otsika, amakonda kuyamba ndi "tsono iwe Kalaliki." Mukapeza ngakhale mzere umodzi, ngakhale wondinena, nditumizireni. Zikapezeka zosakanikirana ndi za a Gomani musavutike n'kusankha, tumizani choncho, zitumbuwa zomwezo, uthenga wachikondi womwewo. Ndivomera kuti ndi wanga.

Mukapanda kupeza, mundiuzebe kuti munayang'ana. Mundiyankhe pa pepala, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Mupatsire Esinta, adzabwera nalo pa Khirisimasi. Ine ndilipo, sindipita kutali.